Ndinakana Kuyasamula pa Mpando wa Mano

Abusa ati ndiime. Ndaima. Kulankhula si ntchito yanga, ndiye mundipirire.

Ndine Lasitoni Ndau. Ambiri mumandidziwa pa kabaza, pa siteji ya kumsika. Ena munandidziwa kale, pa benchi ya kuseri kwa chigayo, kumene tinkagulira kachasu. Ndikuona ena mukuyang'ana pansi. Musaope, sinditchula munthu. Ndinena zanga zokha.

Ndisanayambe kupalasa njinga ndinkagwira ntchito pa kachipatala ka mano pano pa Boma. Kanali ka Mayi Soko, amene tonse tinkangowatchula kuti adokotala. Zipinda ziwiri, kachipinda kakuseri ndi khonde. Anamanga okha pang'onopang'ono, atagwira ntchito ya boma zaka zambiri. Ine sukulu ndinalekeza ku pulayimale. Ananditenga kuti ndizisesa, kutchetcha panja, kuchapa ndi kusita zikhoti zawo zoyera. Ataona kuti sindichedwa ndipo sindiba, anandipatsa mphika.

Mphika umenewu ndiufotokoze, chifukwa nkhani yonse yagona pomwepo. Chitsulo chilichonse chikatuluka m'kamwa mwa munthu chimatsukidwa, kukulungidwa m'kansalu, kumatidwa ndi tepi, kenako kuphikidwa ndi nthunzi kuti tizilombo tife. Mphikawo ndi wachitsulo chochindikala, chivundikiro chake chomanga ndi mabawuti. Wathu unali wa pa mbaula ya gasi, poti magetsi mukuwadziwa. Umafuna munthu akhale pambali pake, maso pa kamuvi kosonyeza mphamvu ya nthunzi, kuti kasatsike ndiponso kasakwere kwambiri. Pa tepi ija pali mizere yosaoneka bwino. Ikamva nthunzi yotentha imada. Adokotala akatenga phukusi ankayang'ana mizereyo. Ikakhala yakuda ankatsegula, osafunsa munthu.

Ndinkaukonda mphikawo. Ukayamba kulira, kachipinda kankadzaza nthunzi, zenera n'kuchita mame, phiri lonse n'kusowa. Ndinkakhala pa kampando kanga, mtima uli kwathu kumtunda, kumene nkhungu imalowa mpaka m'khola la ng'ombe. Panalibe wondilankhula. Ntchitoyo inandiyenera.

Ndiye dzino linayamba. La m'mwamba, kumanzere, lakumapeto. Mpando uli apo, adokotala ali apo, koma ndinabisa. Chifukwa chake n'chakuti bambo anga anazulitsa dzino pa msika ndili mwana, kwa munthu wina wa pulayazi. Anabwera kunyumba akuseka, dzino lili m'thumba. Nkhope inatupa mpaka maso kutsekeka. Tinawaika. Chiyambire pamenepo m'kamwa mwanga simunkalowa chitsulo. Anzanga ndinkawagwira mutu pampando n'kumawauza kuti limbani mtima, sizipweteka. Ine ayi.

Mnzanga wina anati, "Ndau, ukuvutikiranji? Peza kachasu, mutu weniweni. Uvumate mbali ya dzinoyo, kenako ulavule."

Ndinavumata. Linaleka. Tsiku limenelo ndinalavula. Mawa lake ndinaona kuti ndikutaya chinthu chabwino.

Zotsatira mukuzidziwa, sinditaya nazo nthawi. Madzulo okha. Kenako masana. Kenako m'mawa ndisanasambe. Dzino likapweteka ndimwe, likapanda kupweteka ndimwe kuti lisayambe. Kwaya ndinasiya. Mayi a kunyumba, Nangozo, analankhula mpaka kutopa. Anatenga ana kupita kwawo ku Champiti, ati kukathandiza kumunda, osabwerako. Kuntchito ndinkavala masiki tsiku lonse, kubisa fungo ndi tsaya. Adokotala anandiyamikira kuti ndine waukhondo.

Mphika unayamba kundichedwetsa. Masana adokotala akapita kukadya, imeneyo inali nthawi yophika. Inalinso nthawi imene benchi inkandiitana.

Tsiku lina ndikusita chikhoti, kachidutswa ka tepi kanali katamatirira pa thumba. Ndinayala kansalu konyowa, ndinadutsitsa simbi ya makala. Pochotsa kansalu, mizere ili bii. Ndinayang'ana panja. Panalibe munthu. Sindinena kuti Satana anandinong'oneza. Ndinaganiza ndekha, ndipo ndinasangalala ngati munthu amene watola kanthu pamsewu.

Kuyambira pamenepo zitsulo ndinkangozitsuka pa mpope, kukulunga, kumata, kusita. Mbaula ndinkaiyatsa yopanda kanthu kuti gasi azioneka kuti akutha. Mphika ndinkauwaza madzi kuti uzioneka wonyowa. Ndinkati lero lokha. Mvula inatha, chimanga chinauma, tinalowa m'chisanu, ine ndikusitabe.

Masiku amenewo ndimawakumbuka ngati zinthu zoonera pansi pa madzi. Ndikabwera kuchokera ku benchi adokotala asanafike, ndinkagona pa mpando wa odwala n'kuyatsa nyali ya pamwamba ija. Mpando umenewo umakugoneka chagada, miyendo m'mwamba pang'ono. Ndinkamva ngati ndili pamwamba pa lole ya mbatata ikutsika mapiri, injini atazimitsa. Phokoso palibe. Mitengo ikungodutsa. Nthawi zina lole inkasiya msewu n'kumayenda pa nkhungu, midzi ili pansi, madenga akung'anima ngati tizitini. Sindinkaopa. Ndinkafuna isafike kumene ikupita. Geti likalira ndinkadzuka, kuvala masiki, kunyamula maphukusi pa thileyi ndi manja awiri ngati woperekera mgonero. Anthu ankabwera kuchokera kutali atagwira tsaya. Ankakhala, kutseka maso, kuyasamula. Ine n'kuwagwira mutu.

Adokotala ankadziwa kuti oyendera zipatala ochokera ku Lilongwe abwera chaka chimenecho, koma tsiku sankalidziwa. Ankakonda kunena kuti, "A Ndau, anthu amenewa akapeza cholakwa amakhoma loko. Ine ndilibe munda. Munda wanga ndi mpando uwu."

Anafika m'mawa wina wa chiperoni, kukuwaza kamvula kozizira. Odwala kunalibe. Anali bambo wamfupi waimvi, a Kamwendo, jekete yowakulira. Sanali aukali. Ankayenda pang'onopang'ono ngati munthu wofuna kugula nyumba. Anayang'ana ziphaso pakhoma. Anawerenga masiku a pa mabotolo a mankhwala. Anatsegula mpope kuona ngati madzi akutuluka, anagwada kusuzumira pansi pa sinki, anapita kuseri m'kamvula momwemo kukaona dzenje lotayamo majekeseni ndi thonje. Paliponse ankangoti, "Eya. Eya."

Anafika ku kachipinda kanga. Anagwira mphika. Anatenga phukusi n'kuliyang'ana pa zenera.

"Mizere yakuda bwino," anatero. "Wophika ndani?"

"Ndine."

"Mumaphika bwanji?"

Ndinayankha monga anandiphunzitsira adokotala. Pakamwa pankadziwa zonse. Manja okha ndi amene anali atasiya.

"Eya." Anabweza phukusi pa shelefu.

Tinali titapulumuka. Ndinamva adokotala akutulutsa mpweya kumbuyo kwanga.

Kenako a Kamwendo anati akufuna aone mmene timagwirira ntchito munthu ali pampando. Adokotala anawapatsa tiyi. Tinadikira. Panja kunali nkhungu yokha, geti lomwe losaoneka.

"Podikirapa," anatero a Kamwendo, "bambo, tandionetsani mmene mumakonzekera. Vulani masiki imeneyo, musambe m'manja, muvale yatsopano."

Ndinavula. Tsaya linali ngati ndavumata dzira.

"A Ndau," anatero adokotala, "chimenechi chinayamba liti?"

"Kale."

"Mukugwira ntchito pano, n'kumayenda ndi chithupsa chotere?"

A Kamwendo anaseka pang'ono. "Mayi, tikudikira wodwala wa panja pamene muli naye m'nyumba. Akhale apo. Ngati si lozulika lero, mungoliona, ine ndione mmene mumachitira."

"Sindikufuna," ndinatero.

"Ndevu zonsezo," anatero adokotala. "Ana a sukulu amakhala apa osalira. Takhalani."

Ndinakhala. M'mawa umenewo ndinali nditavumata kale, ndipo sindinalavule. Mpando unandigoneka. Nyali inayaka.

Lole ija inabwera monga mwa masiku onse. Koma ulendo uno sinatsike phiri. Inaima m'munda wa mbatata ya kachewere wa bambo anga, maluwa ake oyera ali mbuu mu nkhungu. Ndinkamva adokotala akusamba m'manja, kutali, ngati kamtsinje ka kuseri kwa phiri. Ndinamva magolovesi akulira pa zala. M'mundamo maluwa aja anayamba kutseguka, ndipo sanali maluwa. Panali pakamwa pa anthu. Pakamwa pa agogo ena otsala ndi mano awiri. Pa mtsikana woyembekezera amene ankandifinya dzanja. Pa aphunzitsi onenepa. Pa kamwana ka yunifolomu. Munda wonse mpaka kumalire, onse maso otseka, atayasamula ngati ana a mbalame m'chisa. Palibe amene ankandiyang'ana. Ankangodikira.

Kenako ndinamva tepi ikung'ambika. Ndi kaphokoso kakang'ono. Kanandidzutsa.

Ndinatembenuza mutu. Phukusilo ndinalidziwa. Kansalu kobiriwira, pakona pake poderako pamene simbi inapsereza. Zitsulo za m'menemo zinali zitalowa dzulo lake m'kamwa mwa bambo wina wowonda, wa zilonda m'milomo, amene anataya magazi ambiri. Ndinazitsuka pa mpope basi.

"Yasamulani," anatero adokotala.

Ndinaluma mano, ndi lowawa lomwe.

"A Ndau, aka ndi kagalasi chabe. Ndingoona."

Ndinapukusa mutu.

"Mantha," adokotala anauza a Kamwendo. "Amuna ndi amene amavuta pano."

Ndinalankhula mano ali olumana. "Limenelo ayi."

"Mwati chiyani?"

"Phukusi limenelo ayi."

A Kamwendo anaika kapu pansi. Sanafulumire. Anapita pa shelefu n'kutenga lina.

"Nanga ili?"

"Ayi."

Anatenga lina la pansi. "Ili?"

"Ayinso."

"Lilipo limene mungalole kuti lilowe m'kamwa mwanu?"

Ndinayang'ana nyali. Ndikanatha kunena kuti ndi mantha chabe. Akanandiseka, akanapita, chipatala chikanakhala chotsegula. Ndinaziganiza zimenezo, ndisakunamizeni. Koma adokotala anali ataima pambali panga, kagalasi kali m'manja, ndipo ndinadziwa kuti nkhungu ikangochoka, geti lilira, kagalasi komweko kalowa mwa wina.

"Palibe," ndinatero.

M'chipindamo munangomveka madzi akudontha kuchokera pa malata.

"Nanga mizereyi?" anafunsa a Kamwendo.

"Simbi."

Ndinafotokoza zonse ndili chigonere, chifukwa palibe amene anakumbuka kudzutsa mpando. Adokotala sanakalipe. Anavula magolovesi chala chimodzichimodzi.

"Kuyambira liti?"

"Mvula ili mkati."

Anakhala pansi, pa simenti penipeni, ndi chikhoti chawo choyera.

A Kamwendo anawalekerera pang'ono, kenako anati, "Mayi, ndiyenera kutseka. Mukudziwa."

"Ndikudziwa."

"Inunso mlandu muli nawo. Mphika si wosiyira munthu mmodzi osausuzumira. Mizere imangonena kuti pafika kutentha, sinena kuti zapsa. Inenso lero yandinamiza." Anavala chipewa. "Kuti ndidzatsegule, aliyense amene anakhala pampando uwu chiyambire nthawi imeneyo apezeke. Auzidwe. Akayezetse magazi ku chipatala cha boma, za kachilombo ndi za chiwindi. Wophika akhale wophunzira ntchitoyo. Ndikadzabwera, mudzaphika ine ndikuona."

Loko anakhoma masana omwewo. Anthu odutsa anaima pamsewu kuonerera.

Musaganize kuti ndinasintha pompo. Ndinapita ku benchi. Ndinamwa mpaka osadziwa kuti ndi tsiku lanji. Ndinadzuka m'ngalande ya kumsika dzuwa lili pamutu, buluku lonyowa, amayi ogulitsa matimati akundilambalala. Lole ija sinabwerenso. Ndikatseka maso, munda uja. Kachasu analeka kugwira ntchito. Dzino likupweteka, m'chifuwa mukupweteka, botolo lopanda kanthu lili m'manja.

Ndinasamba. Ndinapita kunyumba kwa adokotala. Ndinawapeza pakhonde atavala chitenje, foni ili pakhutu. Ndinali ndisanawaonepo opanda chikhoti. Ankaoneka aang'ono. Atamaliza kulankhula anandiyang'ana.

"Mwabwera kudzatani?"

"Kupepesa."

"Pepani wanuyo ndimuike pati? Ndimuphike?"

Anaika foni pambali.

"Odwala a mafoni ndawapeza," anatero. "Ambiri alibe. Mayina ndi midzi ndili nazo, koma mudzi umodzi a Banda alimo angati? Nkhope sindizikumbuka. Ine ndimayang'ana m'kamwa."

"Nkhope ndikuzidziwa. Ndinkawagwira mutu."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Mukapita mutaledzera, musadzapondenso pano. Ndipo mukawauze zoona. Musakanene kuti makina anawonongeka."

Ndinabwereka njinga kwa mlamu wanga. Njira yochokera kunyumba kwanga inkadutsa pa chigayo. Ndinaisiya, ndinayamba kuzungulira cha kuno ku tchalitchi, ngakhale n'kutali. Abusa awa ndinawapeza akupalira maluwa. Ndinawauza. Sanandilalikire. Anati ndizidutsa m'mawa uliwonse andiyang'ane m'maso, n'kundipatsa tiyi wa shuga wambiri. Masiku oyamba manja ankanjenjemera, thukuta, kusanza. Njinga sindinkaikwera, ndinkangoikankha. Inali ngati ndodo yanga.

Mudzi ndi mudzi, mawu omwewo. "Ndine wa ku chipatala cha mano. Zitsulo zimene zinalowa m'kamwa mwanu sindinaphike. Ndinali kumowa. Mukayezetse magazi." Ena ankatukwana. Ena sankamvetsa, ankati pamene anazula paja panapola kalekale. Agogo a mano awiri aja anandipatsa nzimbe, ati iwo sangathenso kudya. Mtsikana woyembekezera uja ndinamupeza ali ndi khanda kumbuyo. Anamvetsera mpaka kumapeto. Anangomasula mwanayo, kumuika pamiyendo, n'kumamuyang'ana. Ndikanakonda akananditukwana.

Ku Kandeu kunali mayi wina, Nachisale. Ndinamupeza ku dimba akuthirira anyezi ndi amuna ake, a Dausi. Apa ndinalakwitsa. Ndinamuitanira pambali, poganiza kuti ndi nkhani ya chinsinsi. A Dausi anangomva mawu oti magazi.

"Iwe ndiwe ndani woti uziuza mkazi wanga zokayezetsa magazi? Nachisale, ameneyu unamudziwira kuti?"

"Ndi wa kumano uja, bambo."

"Wa kumano akudziwa bwanji za magazi ako?"

Anthu a m'madimba oyandikana anasiya kuthirira. Ndinaona kuti ukwati ukutha ine ndili pomwepo. Ndiye ndinabwereza zonse mokweza, simbi ndi kachasu yemwe, kuti a kutsidya amvenso.

"Amayiwa sanalakwe," ndinatero. "Anangoyasamula."

A Dausi anaika kheni pansi bwinobwino, kuti madzi asatayike. Chibakera chinafika pa tsaya lotupa lomwelo.

Ndinagwa pakati pa anyezi. Chithupsa chinaphulika. M'kamwa munadzaza zowawa, zonunkha. Koma ululu wa miyezi yonse ija unatsika ngati madzi akatsegula ngalande. Ndinagona chagada. Nthaka inali yonyowa, yozizira kumsana. Mitambo inkayenda pamwamba, yoyera, yotakata, yosafulumira. Kambalame kena kankalira m'mabango. Fungo la anyezi wothyoka. Ndinali ndisanamwe kanthu, ndipo dziko linali lokongola. Ndinali nditaiwala kuti zimatheka. Ndinafuna kungokhala pomwepo mpaka mizu imere.

A Dausi omwewo ndi amene anandithira madzi a mu kheni, kundikweza pa njinga yanga, iwo n'kupalasa mpaka ku chipatala chaching'ono. Njira yonse akutukwana. Kumeneko ananditumiza kuno ku Boma. Atati yasamulani, ndinayasamula. Dzino linatuluka lakuda, lodyeka, losakwana njere ya chimanga. Ndinaliyang'ana m'mbale. Mkazi, ana, ntchito, chipatala cha eni ake, kaamba ka kanthu kameneko.

Nditapola ndinapitiriza. Ena anali atasamuka, ndinawalondola kudzera kwa abale awo, ena mpaka kumalire. Nthawi yachisanu inatha ndili pamsewu. Nditapeza womaliza ndinakhotera ku Champiti kwa apongozi. Nangozo sanandipatse moni. Anandiyandikira n'kundinunkhiza ngati mwana wobwera kosewera.

"Ndidzabwera mvula ikagwa," anatero, "ngati mudzakhale mukununkha chonchi."

Mvula itagwa anabwera.

Mvulayo isanagwe, a Kamwendo anabweranso kukutentha, mango ali aang'ono m'mitengo. Adokotala anali atalemba ntchito mayi wina wophunzira zophika zitsulo. Ine ndinaima kunja kwa mpanda ndi njinga. Ndinamva mphika ukuyamba kulira. Kulira kwake ndimakudziwa, ndipo unkalira bwino. Zenera la kachipinda kaja linachita mame. Anakhalitsa m'menemo. Ndinamva pambuyo pake kuti anaika kanthu kawo koyesera m'kati mwenimweni mwa phukusi, kumene kutentha kwa pamwamba sikungafike. Atatuluka anandiona.

"Tsaya laphwera," anatero.

"Laphwera."

"Eya."

Anakwera galimoto. Loko anali m'manja mwa adokotala.

Ntchito sindinapemphe. Adokotala ananena okha. "Pano simugwiranso, a Ndau. Ndakukhululukirani. Koma ndikadzakuonani mutanyamula phukusi, manja anga sadzagwira ntchito." Ndinavomera. Mlamu anandisiyira njinga ija. Lero odwala ndimawafikitsa pa geti lawo. M'kati sindilowa.

Tsono inu amene mwabwera lero mukununkhabe, ndakumvani, mphuno yanga inatseguka. Ulaliki ndilibe. Sinthani njira yopita kunyumba. Pezani munthu woti azikuyang'anani m'maso m'mawa, munthu amene mungachite naye manyazi. Ndipo aliyense wa ife ali ndi chimene akuvumatira mowawo. Changa chinali dzino. Chanu mukuchidziwa. Kachionetseni kwa amene angachichotse, chisanapweteke anthu osalakwa. Ngati chawapweteka kale, pitani mukawauze ndi pakamwa panu, musatume munthu. Mulungu amakhululuka msanga. Anthu amachedwa, ndipo ena sakhululuka n'komwe. Pitanibe.

Chimodzi chokha sichinathe. Chipatala chitatsegulidwa ndinafunsa adokotala pa geti.

"Anthu aja. Magazi awo anatuluka bwanji?"

"Zimenezo si zanu."

"Ndingodziwa ngati alipo."

"Ngakhale atakhalapo, ndani angadziwe kumene anakatenga? Si zanu, a Ndau. Muziyenda nazo choncho."

Ndiye ndimayenda nazo. Ndikakumana nawo pa msika ndimawayang'ana khungu, maso, mayendedwe. Wina akanenepa ndimathokoza Mulungu. Wina akatsokomola, tsiku limenelo chakudya sichilowa.

Mwezi watha a Dausi anatsika minibasi ndi kathumba ka anyezi. Njinga zinalipo zambiri pa siteji. Anabwera pa yanga. Tinamanga kathumba kutsogolo, iwo anakwera kumbuyo. Titafika pa chitunda ndinalimba mtima.

"Amayi ali bwanji?"

Anandiyankha titafika pamwamba.

"Ali ku dimba," anatero. "Palasani, a Ndau. Anyezi akupsa ndi dzuwa."

Ndinapalasa.

Abusa, ndathera pamenepa.